Kusintha mabowo a matayala pa Beetle yakale: adaputa, kuboola, kapena kusintha madiramu?

Amalume atandisiyira Volkswagen Beetle yawo ya 1964, imene kwathu timangoitchula kuti Chikumbu, inabwera ndi malimu anayi abwino ndi imodzi yopindika. Ndinkaona ngati ndi nkhani ya m'mawa umodzi: kukwera minibasi ya ku Ndirande, kugula limu ina, basi. Ndinazungulira msika wonse limu yopindikayo ili paphewa. Aliyense amene ndinkamuonetsa ankayamba wayang'ana limuyo, kenako n'kuyang'ana ine. Bowo lapakati ndi lalikulu moti nkhonya ziwiri zimalowa, mabowo asanu a mabawuti ali kutali kumphepete. Mnyamata wina anafunsa ngati ndi ya thirakitala. Mnzake anati, "Achimwene, izi zinatha kalekale. Bwanji osangosintha muike za Corolla?"

Mawu oti "kungosintha" amenewo ananditayitsa ndalama ndi tulo. Njira zosinthira zilipo zingapo ndithu, koma si zofanana. Ina ndi yodula koma yogonera tulo, ina ndi yotchipa koma imafuna kuipenyerera ngati mphika wa mkaka, ina siyenera n'komwe kutchedwa njira.

Yambani mwayeza

Nambala ngati 5x205 kapena 4x100 imanena zinthu ziwiri: kuchuluka kwa mabawuti, ndi kukula kwa bwalo limene mabawutiwo akhalapo, m'mamilimita. Amakaniko amati PCD. Pa limu ya mabowo anayi n'kosavuta, mumayeza kuchoka pakati pa bowo kufika pakati pa bowo loyang'anizana nalo. Pa ya mabowo asanu palibe bowo loyang'anizana ndi linzake, ndiye mumayeza mabowo awiri oyandikana n'kuchulukitsa ndi 1.7. Mukapeza 120.5 ndiye kuti ndi 5x205, mukapeza 76.4 ndi 5x130. Koma 5x112 imapereka 65.8 pamene 5x114.3 imapereka 67.2, ndipo tepi ya telala singakuonetseni kusiyana kumeneko. Bwerekani vernier, chida cha amakaniko choyezera mamilimita molondola.

Ku Germany, Beetle inakhala ndi 5x205 mpaka mu Ogasiti 1967, pamene Volkswagen inasamukira ku 4x130. Beetle 1500 ya mabuleki a disiki kutsogolo inali itayamba kale mabowo anayi chaka chimodzi m'mbuyomo. Kombi inapitirira ndi 5x205 mpaka 1970, kenako inapita ku 5x112, PCD yofanana ndi ya Mercedes. Porsche 356 nayo inali ya 5x205 mpaka itabwera 356C ya mabuleki a disiki, imene inayamba 5x130 yomwe 911 ikugwiritsabe ntchito. Koma musadalire chaka cholembedwa pa buluubuku. Mafakitale a kunja kwa Germany sankasintha zinthu tsiku limodzi, ndipo ma Beetle ambiri a kuno kumwera kwa Africa anachokera ku Uitenhage ku South Africa, kumene ankawapanga kuyambira 1951 mpaka 1979. Komanso galimoto ya zaka zoposa 50 yadutsa m'manja ambiri. Ndinaonapo ina ya mabowo asanu kumbuyo, anayi kutsogolo, mwini wake akuyenda ndi masipeya awiri.

Mabowo akagwirizana nkhani sinathe. Pali bowo lapakati: malimu a 4x100 a Toyota ndi 54.1, a Volkswagen Golf ndi 57.1, ndipo bowolo likachepa limu simakhala pamalo pake. Pa Beetle samalani ndi gudumu lakutsogolo kumanzere, chifukwa kebulo ya sipidomita imadutsa mkati mwake n'kudzatulukira pa kachivundikiro ka girizi. Palinso offset, nambala yolembedwa kuti ET kuseri kwa limu, imene imasonyeza kuti tayala lilowa mkati kapena lituluka kunja motani. Chomaliza ndi khosi la bawuti. Mabawuti a Volkswagen ndi a khosi lobulungira, pamene malimu ambiri a aluminiyamu ogula pambali amafuna khosi losongoka la madigiri 60. Mukasakaniza, bawuti imagwira pa kamzere kopyapyala m'malo mogwira pamalo ponse, ndipo imakhwepa yokha ngakhale mutaimanga ndi mphamvu zanu zonse.

Osasintha n'komwe

Njira iyi ndaiika koyamba chifukwa anthu ambiri amene amafuna kusintha mabowo vuto lawo si mabowo ayi, ndi matayala. Beetle inkabwera ndi 5.60-15, imene masiku ano imafanana ndi 165/80R15, ndipo saizi imeneyi siipezeka pa shopu iliyonse. Pamene 195/65R15 ili ponseponse, yatsopano ndi yakaunjika yomwe. Kutalika kwa awiriwa n'kosasiyana kwenikweni, mamilimita 645 ndi 635. Chovuta n'chakuti limu ya Beetle ndi yopyapyala, mainchesi 4 kapena 4.5, pamene 195 imafuna 5.5 kupita m'mwamba.

Ndiye mankhwala ake ndi limu yotakata ya mabowo omwewo. Malimu achitsulo a 5.5x15 a 5x205 ndi a 4x130 amagulitsidwabe atsopano m'mashopu a zipangizo za Volkswagen zakale, ndipo ambiri odziwika ndi a mtundu wa Mangels, umene unachokera ku Brazil. Simukhudza buleki, simukhudza bering'i, ndipo galimoto imaonekabe ya nthawi yake, chinthu chimene wogula wodziwa amalipirira tsiku lodzagulitsa. Kutsogolo tayala lotakata limalemeretsa chiwongolero ndipo limatha kukhula mukakhota mpaka kumapeto, n'chifukwa chake ambiri amaika lotakata kumbuyo kokha. Choipa cha njirayi n'chodziwikiratu: mukapinda limu m'dzenje kutali ndi kwanu, palibe amene angakubwerekeni yake.

Adaputa

Adaputa ndi chimbale chimene chimamangidwa pa diramu ya buleki (pamene limu imamangidwa) ndi mabawuti a mabowo akale, ndipo icho chili ndi mabawuti ake oimirira a PCD yatsopano. Ntchito ya ola limodzi, jeke ndi sipanala basi. Mukadzasintha maganizo mumangomasula, galimoto n'kubwerera mwakale. Ubwino wake ndi umenewo, ndipo si wochepa.

Mtengo wake weniweni uli pa kukhuthala. Adaputa yambiri ndi mamilimita 20 mpaka 25, kuti mitu ya mabawuti amkati ibisale komanso mabawuti akunja agwire bwino. Mamilimita amenewo amakankhira tayala kunja. Tiyeni tiwerengere pa Beetle ya mabowo anayi yokhala ndi limu ya mainchesi 4, ET40. Mwagula limu ya 4x100 ya mainchesi 6, ET45, ngati za magalimoto a ku Japan amene adzaza m'misewu yathu. Adaputa ya 25 imasandutsa ET45 kukhala ET20. Onjezerani kutakata kwa limuyo, mupeza kuti mlomo wakunja watuluka mamilimita 45 kuposa poyamba. Pa madigadi a Beetle amenewo ndi ambiri. Galimoto ili chiimire zimaoneka bwinobwino, koma mukakweza anthu atatu kumbuyo n'kudumpha hampu mudzamva tayala likudya madigadi. Mwayi wake ngwakuti malimu a magalimoto okoka ndi kutsogolo amakhala ndi ET yaikulu, ndiye amabweza pang'ono zimene adaputa yadya. Limu ya ET yaing'ono pamwamba pa adaputa ndiye tsoka.

Tayala likatuluka kunja, katundu amachoka pakati pa mabering'i n'kumalemera mbali imodzi. Bering'i siifa tsiku lomwelo, koma moyo wake umafupika, ndipo dzenje lililonse limabwera m'manja mwanu kudzera pa chiwongolero mwamphamvu kuposa kale. Pa msewu wosalala wa ku Ulaya munthu akhoza kuyenda zaka osazindikira. Pa misewu yathu nyengo ya mvula ikatha, mumazindikira msanga.

Palinso msampha wa saizi. Malimu ambiri a 4x100 amene amapezeka motchipa ndi a mainchesi 13 kapena 14, ochoka pa Vitz, March ndi Fit. Tayala la 175/65R14 ndi mamilimita 583 okha, kuchepa ndi 62 poyerekeza ndi loyenera. Galimoto imatsika masentimita atatu, sipidomita imakunamizani ndi gawo limodzi mwa magawo khumi, ndipo injini imathamanga kwambiri pa liwiro lomwelo. Injini ya Beetle imazizira ndi mphepo, siikondwa kulira kwambiri ulendo wonse kunja kukutentha ngati mu Okutobala. Ngati mwasankha 4x100, sakani ya mainchesi 15.

Pano ndiulule zanga. Nditachoka ku msika kuja ndinapita kwa wowotcherera wina amene anandilonjeza maadaputa anayi pa mtengo wosakwana limu imodzi. Anadula zimbale pa chitsulo chokhuthala ndi moto wa gasi. Mabowo anawajambula ndi katoni, atadinda limu pamwamba pake. Mabawuti oimirira anali a ku hadiweya, ndipo anawawotcherera kuseri. Ndinaona zonsezi ndi maso anga, ndinayamikiranso luso. Galimoto inkayenda bwino m'tauni. Pa msewu wa ku Zomba, nditangodutsa 70, mpando unayamba kunjenjemera, kenako kumbuyo kunayamba kumveka kuti gu, gu, gu motsatira liwiro. Nditaima ndinapeza nati imodzi ili m'kati mwa kapu, itatenga theka la bawuti yake. Inathyokera pamene panawotchereredwa penipeni. Zina ziwiri zinkazungulira ndi zala.

Zolakwika zinali zitatu, ndipo ndi zimene muyenera kufunsa musanagule adaputa iliyonse. Bawuti ya tayala imakhala yachitsulo cholimbitsidwa, nthawi zambiri 10.9, pamene za ku hadiweya zambiri ndi 4.8 kapena zopanda nambala pamutu. Ngakhale bawuti ikhale yabwino, moto wa wowotcherera umachotsa kulimba kwake, n'chifukwa chake mabawuti oimirira amawalowetsa ndi puresi kapena amawapotera m'mazinga. Ndipo mabwalo awiri aja, lakale ndi latsopano, ayenera kukhala ndi pakati pamodzi. Kuphonya ndi theka la milimita n'kokwanira kuti tayala lizivina, ndipo palibe wheel balancing imene ingachize zimenezo.

Adaputa yopangidwa pa makina, ya chitsulo kapena aluminiyamu yodziwika mtundu wake, ndi nkhani ina. Imagwira ntchito. Kungoti gudumu lililonse limakhala ndi magulu awiri a mabawuti, ndipo gulu lamkati silioneka mpaka mutachotsa tayala. Mukayenda makilomita 50 mpaka 100 oyamba, chotsani matayala onse muyesenso mabawuti amkatiwo. Ambiri amayesa akunja okha.

Kuboola diramu

Njira iyi imachotsa vuto la kukhuthala, chifukwa limu imakhala pa diramu penipeni. Pa Beetle ya 5x205 iwalani: diramu yake inaumbidwa kuti limu igwire kumphepete, pakati pake si posalala poti limu ya mabowo oyandikana n'kukhalapo. Nkhaniyi ndi ya a 4x130 amene akufuna 5x130 kuti avale malimu a Fuchs a Porsche, kapena 4x100.

Madala ena a makina a lathe anandionetsa chifukwa chake iwo amakana ntchitoyi pa diramu yakale. Anatembenuza diramu n'kundigwiritsa chala mkati. "Mwana wanga, taona apa. Pamene pali bowo la fakitale chitsulo n'chonenepa. Suntha chala pang'ono." Ndinasuntha, chitsulo chinali chitapyapyala. Fakitale inanenepetsa malo anayi okha. Bowo latsopano limagwera popyapyala, mazinga ake amakhala ochepa, pamene bawuti ya M14x1.5 (yonenepa mamilimita 14, mazinga otalikirana 1.5) imafuna kulowa mamilimita osachepera 14, ndiko kuti kuzungulira kasanu ndi kanayi kapena kuposa. Kuonjezera apo, kusintha mabowo anayi kukhala asanu pa bwalo lomwelo la 130 kumakakamiza kuti bowo limodzi ligwire ntchito pawiri, ndipo awiri atsopano amagwera mamilimita 20 okha kuchoka pa akale. Chotsanipo kukula kwa mabowowo, pakati pake pamatsala chitsulo cha mamilimita 6. Chitsulo cha diramu ndi chotheka kusweka, sichipinda ayi, chimangong'aluka.

Kupita ku 4x100 n'kwabwinoko pang'ono chifukwa mabowo atsopano amagwera pakati pa akale, koma vuto la kupyapyala likadalipo. Njira yoyenera ndi kugula madiramu kapena madisiki osaboola, amene amaumbidwa onenepa kuzungulira konse, kapena oboola kale PCD imene mukufuna. Makampani ngati EMPI ku America ndi CSP ku Germany amapanga zoterezi za Volkswagen zakale. Mukagula osaboola, aboole ndi munthu wa makina okhala ndi tebulo lozungulira loyeza madigiri, osati dirilo ya pamanja. Pamenepo njira iyi imasanduka imodzi mwa zabwino kwambiri.

Kusintha madiramu, kapena kuika madisiki

Apa mumachotsa chinthu chogwira mabawuti n'kuikapo china chimene chinabadwa ndi mabowo amene mukufuna. Palibe chapakati, palibe bowo lopanda mwini. Kwa ine iyi ndiyo njira yolongosoka kuposa zonse, ngati galimoto yanu ikulola ndipo thumba likulola.

Zimatengera kutsogolo kwa galimotoyo. Kuyambira mu Ogasiti 1965 Beetle ya ku Germany inayamba ma ball joint, mfundo zobulungira zimene gudumu lakutsogolo limakhoterapo, ndipo yotereyi imalandira madiramu a mabowo anayi a Beetle yaposachedwapa mosavuta. Ikhozanso kulandira madisiki a 4x130 pamodzi ndi masipindo ake, zitsulo zimene gudumu limazungulirapo, kuchoka pa Volkswagen Karmann Ghia kapena Beetle 1500. Zakale kuposa pamenepo, monga yanga, ndi za king pin ndi link pin, mapini achitsulo m'malo mwa ma ball joint. Masipindo ndi mabering'i ake ndi ena, ndiye zipangizo za pa galimoto yophwasula sizilowa, pamafunika kiti yopangidwira zimenezo.

Kumbuyo kuli ntchito yake. Diramu ya mabowo anayi ili ndi khosi lalitali, pamene ekiselo ya Beetle zakale ndi yaifupi, ndiye nati siifika pa bowo la pini. Khosilo amalisenga pa lathe pafupifupi sentimita imodzi ndi theka. Nsapato za buleki zakumbuyo nazo zinakula kuchoka pa mamilimita 30 kufika 40 mu 1968, choncho n'kwanzeru kutenga diramu pamodzi ndi chimbale chake chakuseri ndi zonse zili pamenepo. Nati ya ekiseloyo ndi ya sipanala ya 36, ndipo imamangidwa pa ma Nm pafupifupi 300. Kumeneko ndi ngati munthu wa makilogalamu 60 ataimirira kumapeto kwa chitsulo cha theka la mita. Ikamangidwa mosakwana, diramu imagwedera pang'onopang'ono mpaka mano ake amkati atatha, ndipo tsiku lina mudzaponda mafuta injini n'kulira galimoto osasuntha. Pini yake ikhale yatsopano, osati msomali.

Mukaika madisiki musaiwale master cylinder, pampu imene imakankha mafuta a buleki mukaponda. Yakale ya madiramu ili ndi kavalavu kosunga mphamvu pang'ono m'mapaipi, ndipo kameneka kamachititsa kuti madisiki azikhula nthawi zonse. Beetle zakale zilinso ndi mzere umodzi wokha wa mafuta a buleki, paipi imodzi ikaphulika mabuleki onse apita. Poti mwatsegula kale, ikani ya mizere iwiri. Apa ndi pamene ndalama zimathera, komanso ndi njira yokhayo imene imakupatsani chinthu china choposa maonekedwe. Amene amatsika nayo Zomba Plateau kapena phiri la ku Chikwawa akudziwa fungo la madiramu otentha.

Dziwani chinthu chimodzi musanasangalale: kusamukira ku 4x130 sikukuthandizani kupeza malimu pa msika wathu. PCD imeneyi ndi yosowa pafupifupi ngati 5x205 yomwe. Ngati cholinga chanu n'choti muzipeza limu paliponse, kiti yake ikhale ya 4x100 kapena 5x114.3.

Pa magalimoto akale a injini kutsogolo ndi ekiselo yathunthu kumbuyo, ena amasintha ekiselo yonse. Pa Beetle sizikukhudza, giyabokosi ndi ekiselo n'chinthu chimodzi.

Kusintha limu m'malo mwa galimoto

Pali mabawuti okhala ndi khosi losewera amene amalola kusiyana kwa mamilimita awiri kapena kuposerako pang'ono, monga 4x98 ya Fiat ndi 4x100, kapena 5x112 ndi 5x114.3. Mwini Kombi yaposachedwapa akhoza kuwaganizira. Mwini Beetle alibe nawo ntchito. Palinso kudula pakati pa limu ya Beetle n'kupawotcherera m'bwalo la limu ina yotakata ya mainchesi 15. Akatswiri a malimu amachita zimenezi pa makina ozungulitsa, akuyeza ndi geji. Pa khonde la wowotcherera mageti limu imatuluka yopendama.

Ndiye pali tupa. Limu ya 4x100 pa galimoto ya 4x98, kapena 5x114.3 pa 5x112, munthu n'kukulitsa mabowo kuti akhale ngati dzira mpaka italowa. Mukatero mwachotsa pokhalira khosi la bawuti, ndipo bawuti iliyonse ikumangidwa mopendama, ikupindika ndi kuwongoka gudumu likamazungulira. Wogulitsa akakuuzani kuti "ingofunika kupala pang'ono," bwezani ndalama m'thumba.

Ndiye iti?

Ngati vuto ndi matayala, gulani malimu otakata a mabowo omwewo. Ngati mukufunanso mabuleki abwino ndipo galimotoyo mumayenda nayo tsiku ndi tsiku, sungani ndalama mpaka zikwane madisiki kutsogolo ndi madiramu oboola kale kumbuyo, muchite kamodzi. Adaputa ndingaivomere pa galimoto yotuluka Lamlungu lokha, kwa munthu amene wagwa m'chikondi ndi malimu enaake ndipo sadzatopa kumasula matayala kuti ayese mabawuti amkati. Njira iliyonse imene mungasankhe, magudumu onse anayi afanane mabowo ndi sipeya, ndipo yesani ngati sipeya yatsopanoyo ikulowa m'malo mwake kumphuno, chifukwa tayala lotakata nthawi zina limakaniza boneti kutseka. Mabawuti a 5x205 ndi M12 ndipo amamangidwa pa ma Nm 100, a 4x130 ndi M14 pa 130. Auzeninso a inshuwalansi zimene mwasintha, asadzazione koyamba pa tsiku la ngozi.

Ine ndinabwerera ku 5x205. Msuweni wanga wa ku Johannesburg anandigulira malimu awiri a 5.5 n'kuwatumiza pa basi atakulungidwa m'bulangete, ndipo ali kumbuyo. Madisiki ndikuwasungirabe ndalama. Zimbale za wowotcherera zija zitatu zili pa denga la khola la nkhuku kupsinja malata, chachinayi mayi a kunyumba amatereka mbaula.